Nsupa za Onga ndi Matumba a Zipolopolo a Makedzana: Mafunso ndi Mayankho

Pa zinthu zonse zimene zidatsala m'nyumba za anthu kuchokera ku nyengo ya mfuti zothirira onga kukamwa, zimene kuno kwathu timazitcha gogodela, n'zochepa zimene zimakopa maso a osonkhanitsa zamakedzana koposa nsupa imene mlenje kapena msilikali ankasungiramo onga, pamodzi ndi thumba limene ankanyamuliramo njere za mtovu. Popeza zinthuzi zidasanduka malonda, ndipo pamene pali malonda achinyengo sachedwa kufikapo, kwandikomera kuyankha mafunso amene oyamba kumene ntchitoyi amafunsa kawirikawiri, kuti munthu angagule chatsopano pa mtengo wa chakale, kapena kuononga chakale poyesa kuchikometsa.

Funso: Kodi nsupa ya onga inali ya ntchito yanji, ndipo idalekeka liti?

Yankho: Masiku ano chipolopolo chimadza chathunthu, onga ndi mtovu ndi choyatsira zonse zili m'kachibekete kamodzi, koma kale mwini mfuti ankaimika mfuti yake chilili, nathira muyeso wa onga kukamwa kwake, natsinyira chotsekera ndi ndodo, naponyamo mtovu, natsinyiranso, ndipo pokhapokha atatha zonsezi m'pamene ankayembekeza kuti mfuti ilira. Tsono onga umadana ndi zinthu ziwiri, chinyezi chimene chimaupha ndi mphaliwali ya moto imene imauutsa nthawi yosayenera, chotero chotengera chake chidayenera kuutchinjiriza ku mvula, kuutalikitsa ku moto, ndiponso kuupereka mwa muyeso wosasintha, pakuti onga wochepa suponya patali, ndipo wochuluka ung'amba mfuti pamodzi ndi dzanja la mwini wake. Nsupa ili yonse imene mungaione idapangidwa kuti ikwaniritse zitatuzi, ndipo iye amene wazisunga mumtima wadziwa kale theka la zimene ayenera kuyang'ana.

Ntchitoyi idayamba kuzirala m'zaka za m'ma 1860 ndi 1870, pamene mfuti zotsegula kumbuyo, zolandira chipolopolo chathunthu, zidafala ku Ulaya ndi ku America. Ndipo pamene Paul Vieille wa ku France adapanga onga wopanda utsi m'chaka cha 1884, nyengo ya nsupa inali itapita kale m'maiko amenewo, ngakhale kuti mafakitale ena adapitiriza kuzipanga chifukwa cha alenje okakamira zakale ndi misika ya kutali.

Funso: Ndikaitenga m'manja, ndiyambe kuyang'ana pati?

Yankho: Ambiri amathamangira kufunafuna dzina la wopanga, koma ine ndikuti yambani ndi mlomo, pakuti dzina likhoza kudindidwa ndi munthu wina aliyense amene ali ndi nyundo ndi zilembo, pamene mlomo umanena ntchito imene nsupayo idabadwira. Pa nsupa za mkuwa za zaka za m'ma 1800, mlomo ndi kampope kakafupi kokhala pamutu, ndipo pansi pake pali kachitseko kamene kamatseguka mukakankha kachogwirira ndi chala chachikulu, nikatsekeka kokha ndi mphamvu ya sipuling'i ya chitsulo. Mlenje ankatseka kamwa la mlomo ndi chala chamkombaphala, nazondotsa nsupa, natsegula kachitseko kuti onga udzaze mlomo, natsekanso, naimika nsupa. Ndipo umene watsala m'mlomomo ndiwo muyeso wa kuombera kumodzi.

Tsono penyani bwino m'mbali mwa mlomowo. Pa nsupa zambiri za ku England mupeza kamzere kong'ambika kokhala ndi timakwerero titatu kapena tinayi, mmene kamsomali kamakodwa pofuna kutalikitsa kapena kufupikitsa mlomo, ndipo pafupi ndi kakwerero kali konse pali nambala, monga 2½, 2¾ ndi 3, kenaka mawu akuti DRAMS. Dramu imodzi ndi gawo limodzi la magawo 16 a aunsi, ndiwo magalamu 1.77. Nsupa yaikulu yodzaza dzanja, yopereka madramu awiri ndi theka kufikira atatu kapena kuposerapo pang'ono, inali ya mfuti yosakira mbalame ndi akalulu. Kansupa kakang'ono kokwana m'chikhatho, kopereka gawo chabe la dramu imodzi, kanali ka mfuti ya m'manja. Ndipo mukapeza thupi laling'ono losenza mlomo wa madramu atatu, kapena thupi lalikulu lokhala ndi kamlomo ka mfuti ya m'manja, dziwani kuti mutu ndi thupi sizidabadwire pamodzi, koma wina adazikwatitsa pambuyo pake.

Funso: Nanga thumba la zipolopolo limasiyana bwanji ndi nsupa ya onga?

Yankho: Limasiyana m'thupi, m'mutu ndi m'muyeso. Njere za mtovu n'zolemera ndipo siziopa moto, chotero kawirikawiri ankazinyamula m'thumba la chikopa chochindikala chosokedwa m'mphepete, looneka ngati peyala, kapena m'lamba wautali wa chikopa wopachika paphewa. Ndipo popeza panalibe choyaka, mutu wake unkaloledwa kukhala wa chitsulo, chinthu chimene pa nsupa ya onga amisiri a zaka za m'ma 1800 ankachipewa posankha mkuwa umene suthetheka moto ukagundidwa. Manambala ake ndi a maaunsi, monga 1, 1¼ ndi 1½, ndi zilembo OZ pambali, ndipo nthawi zina pachikopa kapena pamutu pamadindidwa kuchuluka kwa mapaundi a mtovu amene thumbalo lingalandire.

Mitu yake ili ya mitundu iwiri yodziwika. Wina, wotchedwa wachingerezi, uli ndi tizitseko tiwiri tolumikizidwa ndi chogwirira chimodzi, kotero kuti potsegula kakunja kam'kati kamatsekeka, ndipo njere zokhala pakati pa tizitsekoto ndizo zimatuluka; wina, wotchedwa wa ku Ireland, uli ndi kachikho kotalika kamene kamasololedwa kathunthu kali kodzaza njere. Kachikho kameneka kankatayika kawirikawiri kuthengo, ndipo thumba limene likali nako kake kenikeni n'lamtengo woposa. Njere zobulungira bwino zonyamulidwa m'matumbawa zidachuluka William Watts wa ku Bristol atalandira chilolezo cha luso lake m'chaka cha 1782, luso logwetsa mtovu wosungunuka kuchokera pamwamba pa nsanja kuti ugwere m'madzi utaundana kale.

Funso: Kodi chimene nsupa idapangidwa nacho chinganene zaka zake?

Yankho: Chinganene nyengo, koma osati chaka. M'zaka za m'ma 1500 ndi 1600, m'maiko olankhula Chijeremani, amisiri ankadula nyanga ya mbawala ya kumeneko pamene ichita mphanda, nasalaza mbali imodzi, najambulapo anthu, nyama kapena nkhani za m'Malemba, natseka mapazi a mphandayo ndi chitsulo kapena mkuwa. Asilikali oyenda pansi ankanyamula nsupa za mtengo za ngodya zitatu, zokutidwa ndi nsalu kapena chikopa, zomangidwa ndi chitsulo m'mphepete, pamodzi ndi kansupa kena kakang'ono ka onga wosalala woyatsira. Ku India, m'nyengo ya mafumu a Mughal, tinsupa toyatsira tinkasemedwa m'mnyanga wa njovu m'chifaniziro cha mbawala ndi nyama zina, ndipo ku Japan ankazikuta ndi utomoni wonyezimira wa kumeneko. Zotere zenizeni zili m'nyumba zosungiramo zakale ndi m'manja mwa olemera, ndipo munthu wozipeza pamsika pa mtengo wopepuka ayenera kudabwa asanakondwere.

Zimene wosonkhanitsa wamba adzakumana nazo ndi za zaka za m'ma 1800, pamene mafakitale a ku Sheffield ndi Birmingham adaphunzira kupsinja mkuwa wopyapyala pakati pa zikombole za chitsulo, napanga mabande awiri ofanana amene ankawalumikiza ndi chowotcherera kuzungulira msoko wonse. Thupi linkakhala la mkuwa wofiira kapena wachikasu, zotsika mtengo zinkakhala za zinki amene amatuwa ndi kung'aluka akakalamba, ndipo zina, makamaka zabwino za alenje olemera, zinkakutidwa ndi chikopa cha nkhumba. Zojambula zake n'zambirimbiri: chigoba cha nkhono ya m'nyanja, mizere yotsika, maluko a dengu, masamba a mitengo, agalu osaka, ndi mbalame zakufa zopachikidwa. Padakhalanso za nyanga yophikidwa ndi kupsinjidwa kufikira iwala ngati galasi lachikasu, kuti mwini aone onga umene watsala osatsegula. Ray Riling adasonkhanitsa zithunzi za mitundu yochuluka ya nsupazi m'buku lake lotchedwa The Powder Flask Book, limene lidatuluka m'chaka cha 1953, ndipo kufikira lero ogulitsa amatchula nsupa mwa manambala a m'bukumo.

Funso: Ndi mayina ati amene ndiyenera kuwadziwa, ndipo amakhala pati?

Yankho: Dzina limadindidwa kawirikawiri pamutu, pa kambale kobulungira kamene mlomo umakhalapo, kapena pa mlomo peni peni, ndipo zilembo zake n'zazing'ono kotero kuti mufunika galasi lokuzira. Ku Sheffield kunali James Dixon & Sons, kampani imene chiyambi chake ndi chaka cha 1806, ndipo idayamba kutchedwa ndi dzina limeneli la atate ndi ana cha m'ma 1835; kunalinso G. & J. W. Hawksley, ndi banja la Sykes, limene mmodzi wa iwo, Thomas Sykes, adalandira chilolezo cha mutu wake wa nsupa m'chaka cha 1814. Ku Birmingham kunali Bartram, ku Paris kunali Boché, ndipo ku America kunali American Flask & Cap Company ya ku Waterbury m'dera la Connecticut, imene idayamba m'chaka cha 1857.

Za asilikali a ku America zili ndi mbiri yakeyake. N. P. Ames, ndi pambuyo pake Batty wa ku Springfield m'dera la Massachusetts, amene nsupa zake zili ndi zaka zoyambira 1847 kufikira 1858, adapangira boma nsupa yojambulidwa manja awiri ogwirana chanza pakati pa nyenyezi, chiombankhanga pamwamba, ndi chishango cha zilembo US pansi. Ndipo pa zenizeni mumapeza chaka pamutu ndi zilembo za dzina la woyesa wa boma amene adailandira. Mfuti za m'manja za Samuel Colt zinkagulitsidwa m'mabokosi pamodzi ndi tinsupa take, tina ta chiombankhanga, ndipo zopangidwa ku London zinkatsagana ndi nsupa zosalala za Dixon zolembedwa COLT'S NAVY FLASK. Dzina la Colt limakweza mtengo koposa ena onse, ndipo chifukwa cha ichi ndilo limene labedwa koposa ena onse. Kumbukiraninso kuti nsupa zambiri zenizeni zilibe dzina konse, ndi kuti mawu akuti PATENT ali okha sanena amene adapanga, koma amangolozera ku mtundu wa mutu.

Funso: Mwatchula mtundu wa mutu, kodi mitu ya nsupa za onga nayonso imasiyana?

Yankho: Inde. Mutu wamba uli ndi sipuling'i yake poyera, yokhota pamwamba pa kambale, pamene mutu wokonzedwa bwino uli nayo m'kati, yobisika ku mvula ndi ku zitsamba zokola. Chimene chidakakamiza amisiri kusinthasintha mitu chinali ngozi, pakuti mlenje wothira onga m'mfuti imene yangolira kumene, muli kakhala kamoto kotsalira pansi, ankaona lawi likukwera ndi onga kufikira m'nsupa, ndipo nsupa yodzaza inkaphulikira m'dzanja; ambiri adataya zala mwa njira imeneyi. Chotero kudadza mitu imene kachitseko kake kamayenda mothina pakati pa timbale tiwiri kuti moto usapeze podzera, ndipo amalonda ankaitama kuti njosalowa moto.

Funso: Pa nsupa yanga pali kachizindikiro ka ngodya zinayi kokhala ndi zilembo ndi manambala, kamatanthauzanji?

Yankho: Mwapeza mboni yabwino. Kuyambira 1842 kufikira 1883, wopanga zinthu ku Britain akalembetsa chojambula chake ku boma kuti ena asachibe, ankadinda kachizindikiro koima pa nsonga, ka zilembo Rd pakati, kabwalo pamwamba pake kosonyeza mtundu wa chinthucho, nambala I ya Chiroma ikuimira zitsulo, ndipo m'ngodya zake muli zilembo ndi manambala onena chaka, mwezi ndi tsiku. Kuyambira 1884 adasiya kachizindikiroka nayamba kulemba Rd No. ndi nambala yotsatira. Koma chenjerani ndi ichi: tsikulo ndi la kulembetsa chojambula, si la kupanga nsupa imene ili m'manja mwanuyo ayi; likuuzani kuti nsupayo siingakhale yakale kuposa tsikulo, ndipo likulekezani pomwepo.

Funso: Tsono yabodza ndiizindikira bwanji?

Yankho: Apa ndipo pagona nkhani yonse, ndipo ndipempha kuti mudekhe nane, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Poyamba tisiyanitse chotsanzira ndi chonyengera. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo makamaka pamene America inkakumbukira zaka 100 za nkhondo yake ya pachiweniweni kuyambira 1961 kufikira 1965, anthu ambiri adayambanso kuombera mfuti za onga monga masewera, ndipo mafakitale a ku Italy, makamaka a m'dera la Brescia, adawapangira mfuti zatsopano za maonekedwe akale pamodzi ndi nsupa zake. Pambuyo pake zinanso zambiri zidachokera ku India. Opangawo sadanamize munthu, pakuti ambiri adadinda dzina la dziko lawo poyera. Chinyengo chidadza pamene ena adapala dzinalo ndi tupa, nadetsa mkuwa ndi mankhwala, naugunditsa apa ndi apo, naugulitsa monga wa masiku a Mfumukazi Victoria. Ndipo popeza zotsanzira zoyambirirazo tsopano zapitirira zaka 60, zadetsedwa ndi nthawi yeniyeni, kotero kuti kuda kokha sikulinso umboni.

Yambani ndi chojambula. Chikombole cha ku Sheffield chinkasemedwa ndi mmisiri m'chitsulo cholimba, ndipo pa nsupa yeniyeni, m'malo okumbika mmene dzanja silinkafika, mudzaona ubweya wa galu uli wonse paokha, mitsempha ya tsamba, ndi nthenga za mbalame zosiyanitsika bwino. Chotsanzira, chimene chikombole chake chidatengedwa pa nsupa ina, chimakhala chofufuma ponseponse, m'mokumbika ndi pamwamba chimodzimodzi. Kenaka tsatani msoko ndi chala kuzungulira thupi lonse: wakale ndi wopyapyala, wosalazidwa mosamala, nthawi zina wotseguka pang'ono pansi pamene nsupa inkagunda, watsopano nthawi zambiri ndi wochindikala, wa chowotcherera chosefukira. Yesani kulemera kwake, pakuti zakale zambiri n'zopepuka modabwitsa chifukwa cha kupyapyala kwa mkuwa, pamene zotsanzira zambiri zimalemera m'dzanja. Penyani timasikuluwu timene timagwira mutu ku thupi: takale tili ndi kamzere kamodzi pamutu, ndipo sikuluwu ya mutu wa mtanda, imene idafala kuyambira m'zaka za m'ma 1930, ikuuzani kuti mwina nsupayo njatsopano, mwina wina adaikonzapo. Pendeketsani kambale ka pamutu kudzuwa, muone ngati pali malo olowa pang'ono kapena mikwingwirima ya tupa pamene dzina la dziko lidafafanizidwa. Ndipo zilembo za dzina zikakhala zovinavina, china chokwera china chotsika, monga zodindidwa chimodzichimodzi, kayikani, pakuti mafakitale akulu ankadinda dzina lonse ndi chidindo chimodzi.

Koma mboni imene ine ndimaikhulupirira koposa ndi kutha kwa chinthu m'malo oyenera kutha. Nsupa imene idagwira ntchito zaka zambiri imasalala pa kachogwirira pamene chala chachikulu chinkakankha, mphete zake zopachikira zimadyeka mbali imene chingwe chinkakoka, ndipo mbali imene inkakhuza chiuno cha mwini imafufutika kuposa inzake, monga momwe mpini wa khasu umasalalira pogwira pokha, osati mpini wonse. Wonyenga amakalambitsa chinthu chonse mofanana, chifukwa sadachinyamulepo kuthengo ndipo sadziwa pamene chimakhudzidwa. Musaweruze pa mboni imodzi. Chojambula, msoko, kulemera, timasikuluwu, dzina ndi kutha kwake zikavomerezana, gulani ndi mtima wokhazikika, koma imodzi ikatsutsa zinzake, imvereni imeneyo, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Funso: Nanga nyanga za ng'ombe zojambulidwa, zimene zimagulidwa ndalama zambiri?

Yankho: Nyanga ya ng'ombe ndiyo nsupa ya anthu wamba m'maiko ambiri, pakuti njopepuka, siilowa madzi, siithetheka moto, ndipo kukhota kwake kumagona bwino m'nthiti. Ankaiphika, naichotsa cham'kati, naipala kufikira ipyapyala, natseka kumbuyo kwake ndi thabwa lokhomeredwa ndi tizikhomo ta mtengo kapena timisomali, naboola kunsonga. Zotchuka koposa ndi za ku America za nthawi ya nkhondo ya pakati pa Britain ndi France kumeneko, kuyambira 1754 kufikira 1763, zimene asilikali ankalembapo mayina awo, zaka, malinga ndi mapu a mitsinje. Mmodzi wa ojambula olemekezeka a nthawiyo anali John Bush, munthu wakuda, mfulu, wa ku Massachusetts, amene adasema nyanga za asilikali anzake kufupi ndi Lake George, nagwidwa pamene linga la Fort William Henry lidagwa m'chaka cha 1757, osabwereranso kwawo. Ndipo nyanga zochepa zotsala za dzanja lake zimawerengedwa pakati pa zokongola koposa.

Chinyengo cha pa nyanga n'chochenjera, pakuti wonyenga amagula nyanga yakale yeniyeni yopanda cholembedwa, imene njotsika mtengo, najambulapo dzina ndi chaka cha nkhondo. Tengani galasi lokuzira mutsate mzere umodzi kufikira pamene ukumana ndi mng'alu kapena pamene tizilombo tidadya. Ngati mng'alu udadula mzere, mbali ziwiri za mzerewo zikuyang'anizana bwino, mzere ndiwo udayamba. Koma ngati mpeni udatsikira m'mng'alumo kapena udaulambalala, mng'alu ndiwo udayamba, ndipo chojambulacho n'cha dzulo.

Funso: Kodi kuno kwathu zotere zingapezeke?

Yankho: Zingapezeke, pakuti mfuti za gogodela ndi onga zidalowa m'dziko lino ndi m'chigwa cha Zambezi m'zaka za m'ma 1800 kudzera mwa amalonda a minyanga ndi akapolo ochokera kugombe la nyanja yamchere, ndipo pangano la ku Brussels la 1890, limene lidaletsa kugulitsa mfuti zamakono m'chigawo chachikulu cha Africa koma lidasiya mpata wa mfuti zamwala ndi onga wamba, lidatalikitsa moyo wa zida zimenezi kuno zitatha kale ku Ulaya. Chotero m'nyumba za mabanja a alenje mungapezeke nyanga, kachikho ka mphonda kapena kathumba ka chikopa kopangidwa konkuno, ndipo mwina nsupa ya mkuwa ya ku England imene idadza ndi mzungu wosaka njovu. Zopangidwa kunozi zilibe dzina lodinda kapena nambala ya m'buku, ndipo umboni wake wonse uli m'kamwa mwa okalamba amene akudziwa mwini wake, mudzi wake ndi nyama zimene adapha. Amene ali nacho chotere akhale pansi ndi agogo akali moyo, alembe zonse papepala, asunge pepalalo pamodzi ndi chinthucho. Ndipo asanaganize zochigulitsa kunja, ayambe wafunsa kwa oyang'anira nyumba zosungiramo zakale, pakuti dziko lili ndi malamulo oteteza zinthu zamakedzana.

Funso: Yanga njakuda ndi yothimbirira, kodi ndiipukute kuti iwale?

Yankho: Iai, ndithu musatero. Nsupa zambiri zinkatuluka m'fakitale zitapakidwa vanishi wofiirira kapena wagolide, mutu utawalitsidwa, sipuling'i itaotchedwa kufikira ichita mtundu wa buluu. Ndipo kachigamba kakang'ono ka vanishi ameneyu kotsalira m'mokumbika n'kamtengo kwa wodziwa kuposa kunyezimira konse kumene mankhwala opukutira angabweretse. Mankhwalawo amadya pamwamba pa chojambula, amasiya ufa woyera m'mizere, ndipo amafafaniza m'ola limodzi umboni umene udaunjikana zaka 150. Chotsani fumbi ndi kansalu kofewa kouma, ikani kadontho ka mafuta pa sipuling'i yokha, ndipo musakankhekankhe kachogwirira mwamphamvu, popeza sipuling'i yakale imathyoka msanga. Mabande opindika asiyeni, msoko wotseguka musauwotcherere. Chikopa chisungidwe potalikira dzuwa ndi chinyezi, ndipo nyanga muziiyendera kawirikawiri kuona ngati tizilombo tayamba kuiboola.

Funso: Ndikaigwedeza ndikumva kanthu m'kati; kodi pali choopsa?

Yankho: Chilipo, ndipo chikhale choyamba kuchisamala musanachite china chili chonse. Onga wakuda umene wakhala pouma sukalamba monga zikalambira zinthu zina, ndipo wa zaka 150 ukhoza kuyaka lero monga tsiku limene udathiridwa. Musasuzumire m'mlomo ndi machesi kapena muli ndi fodya pakamwa, musatokose ndi waya kapena msomali, ndipo musaike nsupa yosayesedwa pafupi ndi moto kapena pamene ana afikira. Tulukani nayo pabwalo, kutali ndi moto uli wonse, mukhuthulire zam'katizo pang'onopang'ono m'chidebe cha madzi ambiri. Madziwo asalowe m'nsupa, chifukwa onga wonyowa umadya mkuwa. Mutu ukakana kutseguka, musaukakamize, koma pitani nayo kwa mmisiri wa mfuti wovomerezeka kapena kwa apolisi. M'thumba la zipolopolo namonso mumatsala njere zoyera ndi ufa wa mtovu, umene ndi ululu m'thupi la munthu, makamaka la mwana, chotero sambani m'manja mukatha kuligwira.

Choopsa china n'cha malamulo. Malonda a minyanga ya njovu pakati pa maiko adaletsedwa ndi pangano la CITES m'chaka cha 1989, ndipo ku Britain lamulo la 2018, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2022, limaletsa kugulitsa ngakhale zinthu zakale za mnyanga kupatula zochepa zolembetsedwa. Chotero inu amene mwapatsidwa mwayi wogula nsupa ya mnyanga, kapena yokongoletsedwa nawo, musatulutse ndalama kapena kuwoloka nayo malire musanaone zikalata zake ndi maso anu.